Makina Ochotsa Chinyezi Akaima N'kulemba Zilembo: Mafunso ndi Mayankho a kwa Dambe

Kumtunda kwa boma la Neno, m'dera la Mfumu Yaikulu Dambe, chinyezi chimakhala nafe miyezi yambiri pa chaka. Mvula imayamba mu Novembala kapena Disembala n'kufika mu Epulo. Ikaleka, sipapita nthawi chiperoni chimalowa, ndipo mu Juni ndi Julaye nkhungu imatha kuphimba mapiri a Kirk Range mpaka dzuwa litakwera ndithu. Zovala za m'sutikesi zimanunkha, nsapato zachikopa zimamera nguwi, shuga wa m'golosale amagwirana, makope a ana amafufuma. Makina ochotsa chinyezi m'nyumba, amene pa katoni pake pamalembedwa kuti dehumidifier, sanafale kuno. Munthu akakhala nawo ndiye kuti anakawagula ku Blantyre kapena anatumiziridwa ndi m'bale wa ku Joni, mwinanso kabuku ka malangizo katatsala komweko. Ndiye tsiku lina makina aja amalira, n'kuima, pagalasi pake n'kuoneka zilembo ziwiri. Mmisiri wa mafiriji ali kutali, ndipo msewu wotsikira ku boma nthawi ya dzinja mukuudziwa nokha.

Kodi zilembozi zikutanthauza kuti makina afa?

Kawirikawiri ayi. Makinawa ali ndi ziwalo zomwe zija za firiji. Fani imakoka mpweya wa m'chipinda kudzera pa sefa n'kuudutsitsa pa timapaipi tozizira kwambiri. Chinyezi chikakhudza chitsulo chozizira chimasanduka madontho, monga zimachitikira kunja kwa botolo la chakumwa chongotuluka kumene m'firiji. Madonthowo amagwera m'ndowa, mpweya wouma uja n'kudutsa pa timapaipi tina totentha, n'kubwerera m'chipinda uli wofundirako. Choziziritsa timapaipi ndi gasi amene amapopedwa ndi kompuresa.

M'katimo mulinso timasensa: kena kamayeza chinyezi cha mumpweya, kena kutentha kwa chipinda, kena kuzizira kwa timapaipi, ndipo pa ndowa pali kaswichi kodziwa kuti madzi adzaza. Zonsezi zimapereka uthenga ku kabodi ka magetsi. Uthengawo ukakhala wachilendo, kabodiko kamazimitsa kompuresa kuti isapse, n'kulemba zilembo. N'chifukwa chake zilembo zambiri zimanena za malo amene mwaika makinawo: kuzizira, fumbi, magetsi ofooka, ndowa yokhala mopendekera. Zonena za chiwalo chowonongekeratu ndi zochepa, ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa musanatulutse ndalama.

Mnzanga akuti E1 ndi vuto la gasi. Kodi zilembo n'zofanana pa makina onse?

Si zofanana, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonezana. Kampani iliyonse ili ndi kalembedwe kake. Pa makina ambiri opangidwa ndi kampani ya ku China ya Midea, omwe amagulitsidwanso ndi mayina a makampani ena, P1 akutanthauza kuti makina akusungunula ayezi, P2 ndi ndowa yodzaza kapena yosakhala bwino, AS ndi sensa ya chinyezi, ES ndi sensa ya pa timapaipi, ndipo EC ndi chizindikiro chakuti gasi akhoza kukhala atatuluka. Pa makina a Gree, F1 ndi sensa ya kutentha kwa chipinda, F2 ndi ya pa timapaipi, L1 ndi ya chinyezi, F0 ndiye wonena za kuchepa kwa gasi. Pa Hisense, E9 amaloza sensa ya chinyezi. E1 ndi E2 amapezeka pa makina ambirimbiri, koma tanthauzo lake limasintha malinga ndi amene anawapanga.

Choncho yang'anani kumbuyo kapena m'mbali mwa makina. Pali kapepala komatidwa kamene kali ndi dzina la kampani, nambala ya mtundu wa makinawo, mphamvu ya magetsi ndi mtundu wa gasi. Kajambuleni ndi foni. Pa malo pamene netiweki ikugwira, lembani dzina ndi nambalayo pa intaneti ndipo kabuku ka malangizo kamapezeka. Chithunzi chomwecho n'chimene mmisiri adzafune kuona musanamunyamulire katunduyo.

Ndiyambire pati ndisanaitane munthu?

Lembani kaye zilembozo, chifukwa mukazimitsa zimafufutika. Kenako zulani pulagi pakhoma, osati kungodina batani, ndipo dikirani mphindi 10 kapena 15. Mukudikira, tulutsani ndowa, tayani madzi, muibwezere mpaka ikhazikike. Chotsani sefa, muitsuke ndi madzi oyera, iume kaye musanaibwezeretse. Makina akhale pamalo osalala, otalikirana ndi khoma masentimita 30 kapena kuposerapo, makatani asatseke polowera mpweya. Mukayatsa, musadabwe fani ikamazungulira kompuresa ili chete: makina ambiri amadikira mphindi 3 asanaidzutse, pofuna kuiteteza.

Ngati makinawo angofika kumene pa njinga yamoto kapena pa lole atagonekedwa, aimikeni chilili tsiku lathunthu musanawayatse. Mafuta a m'kompuresa amakhala atalowa m'mapaipi, ndipo amafuna nthawi kuti abwerere pamalo pake.

Akulemba P2 kapena nyali ya ndowa ikuyaka, koma m'ndowa mulibe madzi. Bwanji?

M'ndowamo muli kachiwiya kopepuka koyandama, nthawi zina kokhala ndi maginito. Madzi akakwera kamakwera nawo n'kukhudza swichi. Kakhoza kukanirira m'mwamba chifukwa cha ndere, kapena kugwa pamene mwana amakataya madzi. Kagwedezeni ndi chala, kaziyenda momasuka. Ngati kasowa, makina ena sadzayaka mpaka kapezeke kena. Amene analumikiza paipi yotayira madzi kunja aone kuti paipiyo ikutsetsereka njira yonse, yosapindika, ndipo mapeto ake sanamire m'madzi.

Nanga P1, ndi ayezi amene ndikumuona kuseri kwa sefa?

Ili ndilo vuto lenileni la kumtunda kuno. Timapaipi tija timazizira kuposa mpweya wa m'chipinda ndi madigiri ambiri ndithu. Ku Lisungwi kapena ku Zalewa, kumene kumatentha, zimenezi sizivuta, pakuti madzi amangodontha. Koma kwa Dambe usiku wa mu Juni chipinda chikazizira, timapaipi timatsika kupitirira pamene madzi amaundana, ndipo madontho amasanduka ayezi. Vutoli limayamba kuonekera chipinda chikatsika kufika madigiri 18 kapena 15, ndipo makina ambiri analembedwa kuti asagwiritsidwe ntchito pamalo ozizira kuposa madigiri 5. Ayezi akakuta timapaipi, mpweya sudutsa ndipo madzi satulukanso.

P1 si kuwonongeka. Makina aimitsa kompuresa dala, fani yokha ikuzungulira kuti ayezi asungunuke. Asiyeni, adzayambiranso okha. Musakolope ayeziyo ndi mpeni kapena sukuludiraiva: timapaipi n'topyapyala, mukangoboola kamodzi gasi yense wapita. Musathirepo madzi otentha, ndipo musayandikize mbaula. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha wosanunkha, komanso makina ambiri atsopano ali ndi gasi wa R290, yemwe amayaka moto.

Chothandiza ndi kusintha nthawi. Yatsani makina kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka madzulo, pamene malata atenthetsa nyumba, zitseko ndi mazenera zili zotseka. Usiku wa chisanu apumitseni. Koma onaninso kumene ayezi wagwira. Akakhala ponseponse mofanana ndipo kunja kukuzizira, vuto ndi nyengo kapena sefa yotsekeka. Akakhala pakona imodzi yokha, tsiku lili lofunda, timapaipi tina tonse tili touma, pamenepo ganizirani za gasi.

Pa katoni analemba malita 20 pa tsiku, koma ine ndimataya madzi ochepa kwambiri. Kodi anandinamiza?

Nambala imeneyo nthawi zambiri amaipeza poyesa makina m'chipinda cha madigiri 30, chinyezi chili pa 80 peresenti. Mpweya wotentha umanyamula madzi ambiri kuposa wozizira. Pa madigiri 30 ndi chinyezi chotere, kiyubiki mita imodzi ya mpweya imakhala ndi magalamu pafupifupi 24 a madzi. Pa madigiri 15, chinyezi chili pa 80 peresenti yomweyo, mumakhala magalamu 10 okha. Onjezerani nthawi imene makina amataya posungunula ayezi, mupeza kuti malita ochepa amene mukuwaonawo ndi ntchito ya makina abwinobwino.

Kwa amene sanagule, ndinganene izi: pali mtundu wina wopanda kompuresa, umene umayamwa chinyezi ndi gudumu la zeolite n'kuliumitsa ndi hita. Umenewo suchita ayezi ndipo umagwira bwino kozizira, koma umadya magetsi ambiri. Timakina tating'ono totchipa tokwana padzanja timatulutsa madzi osakwana theka la lita pa tsiku. Tingathandize m'kabati, osati m'chipinda.

AS, ES, L1 kapena E9 akubwerabe ngakhale ndazimitsa n'kuyatsanso. Ndichite chiyani?

Sensa ya chinyezi ndi kachinthu kakang'ono kokhala pafupi ndi polowera mpweya. Fumbi, utsi wa nkhuni ndi mwaye zikaimata, kapena ikanyowa ndi mame chifukwa makina agona m'chipinda chozizira kwambiri, imapereka uthenga wosokonekera. Zulani pulagi, ikani makinawo m'chipinda chouma ndi chofunda kwa tsiku limodzi, pukutani fumbi la pa timabowo ndi kabulashi kofewa kouma. Nthawi zambiri zimathera pomwepo. Zikapitirira, mwina kawaya kasololoka chifukwa cha mabampu a mumsewu, mwina mbewa kapena mphemvu zalowa, mwina sensayo yatha. Sensa ndi chiwalo chotsika mtengo poyerekeza ndi makina onse, ndipo wokonza mawailesi ndi ma TV wodziwa kugwiritsa ntchito mita yoyezera magetsi angathe kuiyeza. Inu nokha musatsegule chikuto: m'katimo muli kapasita imene imasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa.

EC kapena F0 ndiye kuti ndikathiritse gasi basi?

Musafulumire. Makinawa alibe choyezera gasi mwachindunji. Amangoona kuti kompuresa yakhala ikuyenda koma timapaipi sitinazizire monga mwa nthawi zonse, ndiye n'kuganiza kuti gasi watuluka. Koma timapaipi tingalephere kuzizira pa zifukwa zinanso: kompuresa sinadzuke chifukwa magetsi ndi ofooka, kapasita yafooka, kapena sensa yachoka pamalo pake.

Yesani chonchi. Masana kukufunda, chotsani sefa, yatsani makina, muwatchere pa chinyezi chotsikitsitsa kapena poti aziyenda osaima. Mvetserani. Pakatha mphindi 3 muyenera kumva kompuresa ikulira pansipansi mosalekeza. Mukamva kulira kwa masekondi ochepa, kenako kuthetheka, kenako zii, kompuresa ikulephera kudzuka, ndipo vuto lili ku magetsi kapena ku kapasita. Ikayenda mphindi 15 kapena 20 koma timapaipi osazizira, kapena kuzizira kumayambiriro kokha, pamenepo gasi watulukadi.

Gasi wa m'makinawa satha ndi ntchito monga amathera mafuta a galimoto. Amazungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo akachepa ndiye kuti pena pabooka. Mmisiri amene akufuna kungothira wina osapeza bowolo akukugulitsani miyezi yochepa chabe. Woona amafufuza potulukira, kuwotcherera, kukoka mpweya wonse m'mapaipi, n'kuthira gasi wa mtundu ndi kulemera kumene kwalembedwa pa kapepala kaja, kaya ndi R134a, R410A kapena R290. Mitundu imeneyi siisakanizidwa. Funsani mtengo wonse pafoni musananyamuke, muonjezepo ulendo wopita ndi wobwerera ku Mwanza kapena ku Blantyre. Pa makina akale amene timapaipi tawo tadyeka ndi dzimbiri, ine sindingalimbikitse kukonzetsa, chifukwa bowo lina limatseguka posachedwa.

Ndimagwiritsa ntchito sola. Kodi n'chifukwa chake akuzimazima?

N'kutheka kwambiri. Makina apakatikati amadya mawati 200 mpaka 400, koma pa kamphindi kamene kompuresa ikudzuka amakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa pamenepo. Inveta yaing'ono imalira n'kudzizimitsa, kapena imagwetsa mphamvu mpaka kabodi ka makina n'kusokonezeka. Mainveta otchipa olembedwa kuti modified sine wave amatenthetsa kompuresa ndi kuifupikitsa moyo. Ofunika ndi olembedwa pure sine wave, okhala ndi mphamvu yoposa ya makinawo katatu kapena kuposerapo.

Werengeraninso batire. Ya mavoti 12 ndi 100Ah imasunga mphamvu yokwana 1.2 kWh, ndipo ngati ndi ya asidi muyenera kugwiritsa ntchito theka lokha kuti ikhalitse. Makina a mawati 250 amamaliza theka limenelo m'maola awiri ndi pang'ono. Tsoka lake n'lakuti masiku a nkhungu, amene mukuwafunitsitsa makinawo, ndi omwenso mapanelo amatchaja mofooka. Apanso yankho ndi kuyatsa masana dzuwa likawala.

Amene ali pa magetsi a ESCOM, omwe amayenera kufika pa mavoti 230, agule kachipangizo koteteza firiji kaja kamene kamadula magetsi akatsika kapena akakwera, n'kudikira pang'ono akabwerera. Makina ochokera ku South Africa amagwirizana ndi magetsi athu, kupatula pulagi yokha ya mano ozungulira. Ndi bwino kuidula n'kuikapo pulagi ya kuno ya mano atatu yokhala ndi fyuzi, waya wa ethi atalumikizidwa, kusiyana ndi kudalira adaputala yogwedera. Makina olembedwa 110V kapena 120V ndi a ku America, ndipo mukawalowetsa pakhoma mwachindunji amapsa nthawi yomweyo.

Ndi liti pamene ndiyenera kuwasiyiratu?

Mukamva fungo la pulasitiki wopserera, mukaona chikuto chasungunuka kapena chasintha mtundu, pulagi ikatentha mosagwirika, kapena chitsulo chikakugwirani magetsi. Zulani, ndipo asayatsidwenso mpaka mmisiri awaone. Makina amtunduwu anawotchapo nyumba. Ku America, bungwe la boma la CPSC linalengeza mu 2013 kuti makina oposa 2 miliyoni opangidwa ndi Gree asiye kugwiritsidwa ntchito chifukwa cha ngozi ya moto. Mu 2016 linachitanso chimodzimodzi ndi makina pafupifupi 3.4 miliyoni a Midea, ndipo mu Ogasiti 2023 ena a Gree oposa 1.5 miliyoni. Wogula makina ogwiritsidwapo kale ntchito afufuze nambala yake pa intaneti. Ndipo kaya ndi atsopano, musawasiye akuyenda nyumba yonse itapita kumunda kapena kutchalitchi.

Madzi a m'ndowa amaoneka oyera. Ndingathire m'batire ya sola, kapena kumwa?

Musamwe, musaphikire. Adutsa pa fumbi, pa nguwi ndi pa zitsulo. M'batire musathirenso, chifukwa tizidutswa ta kopa ndi aluminiyamu timene amatenga pa timapaipi timawononga mapuleti. Batire imafuna madzi ake apadera ogula. Madzi a m'ndowawa koloperani m'nyumba kapena thirirani maluwa.

Kodi ndingaumitsire chimanga kapena nyemba ndi makinawa?

Ayi, sangakwanitse. Chimanga chimasungika bwino chinyezi chake chikatsika kufika pa 13 peresenti. Thumba la makilogalamu 50 lokololedwa lili pa 20 peresenti liyenera kutaya malita pafupifupi 4 a madzi, ndipo madziwo amatuluka m'njere pang'onopang'ono, makamaka zikakhala zothinana m'thumba. Chuku chidzayamba makina asanafike pakati pa thumbalo, ndipo chuku china chimabala poizoni wa aflatoxin, amene satha ndi kuphika. Yanikani pa dzuwa, pa mphasa kapena pa lona. Kuti mudziwe ngati chauma, ikani njere m'botolo lagalasi louma pamodzi ndi mchere wouma, tsekani, khutchumulani, dikirani mphindi 15, khutchumulaninso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimanga sichinaume. Chikauma, chisungeni m'matumba osalowa mpweya monga a PICS, pa thandala, osagunda khoma. Makina aja angathandize kuti chipinda chosungiramo chisanyowe, koma chimanga chiyenera kulowamo chili chouma kale.

Makina sakulemba chilichonse, akuyenda tsiku lonse, koma khoma likadali lonyowa. Vuto lili pati?

Choyamba onani nambala imene munatchera. Pakati pa 50 ndi 60 peresenti m'pokwanira, pakuti nguwi imakonda pamene chinyezi chakhalitsa pamwamba pa 70. Mukatchera 35, makina adzayenda osapuma, osafikapo. Chachiwiri, makina a chipinda chimodzi sangaumitse nkhungu yonse ya m'phiri imene ikulowa pa zenera lotsegula kapena pa mpata wa pakati pa khoma ndi malata.

Koma nthawi zambiri madzi amakhala akuchokera m'nyumba yeniyeniyo. Nyumba zambiri kumtunda kuno zinamangidwa pamalo otsetsereka, khoma lakumbuyo litayandikira chitunda cha dothi. Madzi a mvula amatsikira pamenepo n'kulowa m'maziko, ndipo ngati omanga sanayale pulasitiki wakuda pamwamba pa maziko, njerwa zimakoka madziwo n'kuwakwezera m'khoma. Chizindikiro chake ndi mzere wonyowa kuchokera pansi kufika m'mawondo kapena m'chiuno, penti ikusupuka, pena pakutuluka ufa woyera. Njira yodziwira ndi yosavuta: matani pepala la pulasitiki pakhomapo kapena pa simenti, mbali zonse zinayi zotsekeka ndi tepi, lisiyeni masiku awiri. Madontho akakhala kunsi kwake, madzi akuchokera m'khoma kapena pansi. Akakhala kunja, ndi chinyezi cha mumpweya, ndipo chimenecho ndi chimene makina angachotse.

Madzi ochokera pansi amafuna khasu ndi simenti: ngalande kumtunda kwa nyumba yopatutsira madzi kumbali, khonde lotsetserekera kunja, dothi lochotsedwa pa khoma, mabowo a misomali pa malata otsekedwa. Madontho ogwa kuchokera ku malata m'mamawa popanda mvula ndi mame a mpweya wa m'nyumba, ndipo amachepa mukaika siling'i ndi kusiya timipata totulukira mpweya pamwamba pake. Zovala zonyowa ziyanikidwe pakhonde, kuphika kuzichitikira kukhitchini, mabedi ndi makabati atalikirane ndi khoma pang'ono. Nguwi imene yamera kale itsukeni ndi sopo kapena madzi osakaniza ndi jiki, mazenera ali otsegula, chifukwa makina saichotsa. Ngati m'nyumbamo muli mwana kapena wachikulire amene amabanika pachifuwa ndi kutsokomola usiku nyengo ya chinyezi, musadikire kuti khoma liume: pitani naye ku chipatala cha Dambe, chomwe chinatsegulidwa mu 2016, kapena ku Nsambe, akamuyeze mphumu.